Zigoba Zinayi Zopanda Wonga

Ndikukumbukira fungo la kashedi ka adadi kuposa mmene ndimakumbukirira nkhope za anzanga a kupulayimale. Munkanunkhira mafuta a makina, matabwa onyowa ndi mkuwa wopukutidwa kumene. Kashediko kanali kumapeto kwa bwalo lathu lopapatiza ku Whitmore Reans, mu Wolverhampton, kuseri kwa chingwe choyanikapo zovala zimene sizinkauma n'komwe. Tinafika kumeneko kuchokera ku Zomba ine ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo zimene ndikufuna kunenazi zinachitika ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ngakhale pano ndikulemba, manyazi akundigwirabe ngati zachitika dzulo.

Adadi ankagwira ntchito kufamase ya chipatala, m'chipinda chimene amasakaniziramo mankhwala a ana. Anali munthu wa miyeso. Shuga wa mu tiyi ankamusalaza pasupuni asanathire, moti amami ankati iwo anakwatiwa ndi sikelo yovala tayi. Mnzawo wa kuntchito, a Keith, mzungu wa ku Dudley amene Chingerezi chake ndinkangomvapo theka, ndi amene anawakokera ku kalabu ya anthu opikisana kuwombera chandamale. Amalawi anzathu kutchalitchi sankamvetsa. Munthu woimba besi mu kwaya, mfuti za chiyani? Tsiku limene apolisi anabwera kudzaona kabati yachitsulo yosungiramo mfutiyo asanapereke laisensi, amami anatseka makatani onse kuti aneba asaganize kuti m'nyumba mwathu mwagwidwa chamba.

Mfuti yawo inali ya m'manja koma ya mpope wautali, ndi kachitsulo kotulukira kumbuyo, chifukwa zifupizifupi zija malamulo a kuno salola. Ine ndinkaiona yonyansa. Chimene chinkandisangalatsa chinali ntchito ya m'kashedi. Adadi ankati zipolopolo za m'sitolo sizifanana, china chipita m'mwamba china pansi, ndiye wopikisana weniweni amadzipangira yekha. Akawombera ankatola zigoba zamkuwa zija n'kubwera nazo kunyumba, kuzitsuka mpaka mbee, n'kuziika kabatani katsopano kumbuyo, kamene kamayatsa wonga. Kenako ankaziimika m'kathabwa ka mabowo makumi asanu. Chigoba chopanda kanthu chinkaima chozondoka. Akachiyezera wonga wake pa kasikelo, ankachiimika kukamwa kuli m'mwamba. Zonse zikadzadza ankatenga tochi n'kusuzumira chimodzichimodzi, milomo ikugwedezeka, ndipo akakhutira m'pamene ankatsindika mutu wamtovu pamwamba ndi makina a chogwirira chachitali. Mutu ukalowa, basi, palibenso amene angaone za m'kati.

Malamulo a m'kashedi anali okhwima kuposa a kusukulu. Wailesi ayi, tiyi ayi, macheza ayi, ndipo ntchito ukaiyamba suisiya pakati. Ine ndinkaloledwa kukhala pa chitini cha penti pakona, ndikupukuta zigoba ndi kansanza, pakamwa pali tsekee. Kwa mwana wolongolola ngati ine chimenecho chinali chilango, komabe ndinkalimbirana malo amenewo, chifukwa ndi mokhamo mmene adadi ankakhala anga ndekha. Nthawi zina ankanyamula chigoba chimene ndapukuta, kuchiyang'ana pawindo, n'kugwedeza mutu movomereza, ndipo ine tsiku lonselo ndinkayenda monyada.

Chaka chimenecho kalabu inawasankha koyamba kukhala m'timu ya anthu anayi yokapikisana ndi makalabu ena. A Keith ndi amene anawaimirira, chifukwa akuluakulu ena ankati munthuyu ndi watsopano. Mpikisano unali Lolemba la holide. Lamulungu masana, titachokera kutchalitchi, adadi anavula jekete n'kulowa m'kashedi, ine pambuyo. Anayeza zigoba makumi asanu, zonse zinaima kukamwa m'mwamba, anaziwalitsa tochi mpaka chomaliza. Anali atangogwira mutu woyamba pamene amami anagogoda pachitseko kunena kuti kwabwera alendo.

Linali banja la ku Hillfields, ku Coventry, anthu asanu ndi awiri atapanikizana m'galimoto ya anthu asanu, osaimba foni, monga tinkachitira masiku amenewo. Adadi anapempha mphindi khumi zokha. Amami anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Mukawauze nokha kuti adikire, bambo akupanga ma bullet. Ine pakamwa panga sipangatuluke zimenezo."

Adadi anayang'ana kathabwa kaja, anayang'ana amami, n'kupukuta m'manja. Lamulo la m'kashedi linali lolimba, koma mlendo wochokera kutali sungamusiye pampando osamupatsa moni. Anakhoma chitseko, tinapita. Moni wake unali uja wa mmodzimmodzi, aliyense kufunsa aliyense, mpaka kufunsa za odwala a ku Ntcheu amene sitinkawadziwa. Mipando inaperewera. Adadi, ali pakati pa nkhani ya mavisa, anatulutsa kiyi m'thumba n'kundipatsa kuti ndikatenge mipando iwiri yopinda imene inali m'kashedi, ndipo anawonjezera kuti patebulo ndisakhudzepo.

Ndikanatenga umodziumodzi bwenzi nkhaniyi kulibe. Koma pakati pa alendowo panali atsikana awiri aakulu kuposa ine, ndipo ndinkafuna aone kuti ndine wamphamvu. Ndinakolekera mipando yonse iwiri m'mikono, ndikutembenuka, mwendo wa mpando unagunda kathabwa kaja. Sikanagwe. Kanangopendekeka n'kubwerera, koma zigoba zinayi za kumapeto zinadumpha n'kugubuduka patebulo, wonga wake ali mbwee, timbewu timviimvi tosalala.

Ndinatsitsa mipando ija pansi. Kenako ndinachita zimene mwana aliyense woleredwa ndi amami akanachita: ndinasesa. Ndinatenga kaburashi, kusonkhanitsa wonga yense mosasiya ngakhale kambewu, n'kukamutaya m'kadimba ka mpiru kuseri kwa kashedi. Zigoba zinayi zija ndinazipukuta n'kuzibwezera m'mabowo ake. Ndinkalidziwa bwino lamulo la kuzondotsa chigoba chopanda kanthu. Koma zinayi zozondoka pakati pa zinzake zikanandiulula, ndiye ndinaziimika kukamwa m'mwamba. Chimene chimandichititsa manyazi kwambiri n'chakuti nditayang'ana patebulo paja ndinadzitama mumtima kuti ndakonza bwino.

Alendo ananyamuka dzuwa likadalipo, poti inali nyengo ija kunja kumachedwa kuda. Adadi polandira kiyi anandifunsa ngati ndinakhudza chilichonse. Ndinayankha m'Chingerezi, monga tinkayankhira ana tonse, kuti sindinakhudze kanthu. Titabwerera m'kashedi, sanatengenso tochi. Anali atasuzumira kale, chitseko chinali chokhoma, ndipo munthu yekhayo amene analowamo anali atawatsimikizira. Ndinakhala pa chitini changa ndikumvetsera chogwirira chija chikutsika ndi kukwera kamakumi asanu. M'mutu mwanga ndinkati chipolopolo chopanda wonga chingokana kulira, adadi ataya mapointi pang'ono, nkhani yatha. Sindinkadziwa kuti kabatani kaja pakokha kali ndi mphamvu yokankha mutu wamtovu kuulowetsa mumpope n'kuusiya momwemo.

M'mawa mwake ndinapita nawo. Malo ake anali kunja kwa tauni, m'chigwa mmene kale ankaphwanyamo miyala. Anandikhazika pabenchi kuseri kwa chingwe, atandiveka zotseka m'makutu zazikulu kuposa mutu wanga. Gawo loyamba adadi anawombera bwino kwambiri, moti a Keith, amene anaima pafupi nawo kudzanja lamanzere, anawamenya paphewa. Gawo lachiwiri linali lothamanga, zipolopolo zisanu ndi chimodzi m'kanthawi kochepa, anthu onse pamzere kuwombera nthawi imodzi. M'phokoso limenelo adadi sanamve kuti chimodzi changoti fuu. Chala chinakokanso. Chipolopolo chotsatira chinakumana ndi chinzake mumpope, ndipo mpope unang'ambika.

Ndinaona woyang'anira akukweza manja kuimitsa onse. Ndinaona magazi akutsika m'dzanja la adadi kulowa m'mkono wa shati yoyera imene amami anasita, ndi a Keith atagwira pamwamba pa khutu pamene kachitsulo kanawacheka. Palibe amene anavulala kwambiri, onse awiri anangosokedwa pang'ono. Koma asanapite kuchipatala, akuluakulu a kalabu anatenga zipolopolo zotsalazo n'kuyamba kuzitsegula patebulo anthu onse akuona. Anapeza china chopanda wonga, kenako china, kenako chachitatu. Adadi anaimirira pamenepo, munthu wakuda yekhayo pagulu lonselo, dzanja lili m'bandeji, chipewa atavula, akupepesa kwa aliyense. Mkulu wina wa ndevu zoyera ananena mosakweza mawu kuti chimodzi ndi ngozi koma zinayi ndi khalidwe. A Keith anangoyang'ana pansi. Ine ndinali pabenchi paja, zotseka m'makutu ndisanavule, ndikunamizira kuti sindikumva.

Madzulo ake kukhitchini adadi anandifunsanso, mofatsa, ngati ndikutsimikiza kuti patebulo sindinayandikirepo. Amami anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinakananso, misozi ili chuchuchu, ndipo misoziyo inandithandiza kunama.

"Musiyeni mwana, Tamanda sanama," anatero adadi. "Ine ndinawalitsa tochi, ndinaona wonga m'zigoba zonse ndi maso angawa. Ngati mutu wanga ukundionetsa zinthu zomwe palibe, lero ndi mfuti, mawa likhala botolo la mwana wa munthu."

Kalabu sinawachotse, anachoka okha. Mfuti yong'ambikayo anakaipereka kupolisi pamodzi ndi laisensi, makina aja anapatsa a Keith, amene anapitiriza kutipatsa moni pa Khirisimasi koma kunyumba sanabwerenso. Sabata yotsatira adadi anapempha mabwana awo kuti awachotse m'chipinda chosakaniziramo mankhwala. Anawaika kositolo, kolandira makatoni ndi kukankha matrole, ndipo anakhala komweko mpaka kupuma ntchito. Anayamba kubwerera pakhomo katatu kukaona ngati akhoma. Anapita kwa dokotala kuti awayeze mutu, ndipo atauzidwa kuti ali bwinobwino anangoti madokotalawo sanachipezebe.

Anthu amafunsa kuti munthu umakhala bwanji chete zaka zonsezo. N'zosavuta. Sabata yoyamba ndinkaopa kukalipiridwa. Mwezi utatha ndinkaopa kuti ndachedwa. Kenako ndinakula, ndinapita kuyunivesite ku Birmingham, ndinakwatiwa, ndipo ndinaphunzira kudziuza kuti adadi anazolowera, kuti ntchito ya kositolo inali yopepuka, kuti kuwakumbutsa kungowapweteka. Bodza limenelo ndinkalikonda chifukwa linkaoneka ngati chifundo.

Zinthu zasintha kwambiri. Kashedi kaja kanawola, pamalo pake pali mabini. Alendo masiku ano amayamba atumiza uthenga pafoni, ngakhale achinyamata amene angofika kumene kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ukawauza kuti watanganidwa sakwiya. Ana athu timawauza kuti akalakwa anene, sitiwamenya, ndipo ine ndimanena mawu amenewo kwa mwana wanga ndi nkhope yowongoka ngati munthu woyenera kuwanena.

Chaka chatha m'nyengo yozizira ndinapita kwa makolo ndi mwana wangayo, ali ndi zaka ziwiri. Masana thupi linamutentha. Amami anali atapita kumsika, ine ndinamunyamula akulira, ndiye ndinapempha adadi kuti andiyezere mankhwala a madzi aja m'kasirinji. Anabweza manja kumbuyo ngati ndawapatsa khala la moto. Anati tidikire amami, kapena ndimutsitse mwanayo ndiyeze ndekha, chifukwa iwo mutu wawo sawukhulupirira pa zinthu za ana. Munthu amene anaphunzira ntchito imeneyo zaka zambirimbiri ankaopa kasirinji ka mdzukulu wake.

Ndinawauza pomwepo, nditaimirira, mwana akulira paphewa. Za mipando, za kaburashi, za mpiru, zonse. Sanandidule mawu. Nditamaliza anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kuyang'ana chipsera cha padzanja lawo.

"Zinagwa zingati?"

"Zinayi, adadi."

"Ndiye kuti wonga uja ndinamuonadi."

Anatambasula dzanja, ndinawapatsa botolo. Anavala magalasi, anawerenga pepala lake lonse, anakoka mankhwala, anakweza kasirinji pawindo kuona mzere, n'kumwetsa mwanayo okha. Kenako anatenga jekete n'kutuluka, ndipo anabwera ine nditapita.

Timalankhulana. Amandifunsa za mwana ndi za kuntchito, ndipo amami akuti masiku ano akakhoma chitseko sabwereranso. Sananene kuti andikhululukira, ine sindinafunse, chifukwa sindikuona kuti ndili ndi ufulu wowapempha chinthu chinanso. Ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu, ndipo zaka makumi awiri ndi ziwiri mwa zimenezo anakhala akudziyesa wodwala mutu chifukwa anakhulupirira mwana wawo kuposa maso awo.