Dzina la a Mkandawire ndinalitaya ndine

Lachiwiri m'mawa pa ofesi yathu ya zaumoyo pa Boma panaima kabaza. Anatsika a Mkandawire, msodzi wokalamba amene ng'ala yawatseka maso onse awiri, mwana wawo wamkazi atawagwira dzanja.

"Ndinalembetsa ine, dada," anatero mkuluyo. "Madokotala a maso aja akubwera liti?"

Madokotalawo anabwera sabata yatha, anachita maopaleshoni masiku awiri n'kubwerera. A Mkandawire sanaitanidwe, ndipo wolakwa ndine.

Ndifotokoze. Anzathu akamalemba odwala m'midzi amalembera pa foni, ndipo mayinawo amandipeza mu fayilo ya XML, yodzaza tizizindikiro toti munthu wamba sangawerenge. Ine ndimalemba malangizo otchedwa XSLT, amene amasandutsa fayiloyo kukhala mndandanda woti n'kusindikiza. Ndinauza kompyuta kuti itenge mudzi uliwonse, pansi pake iike anthu ake.

Kuyesa ndinayesa, musandione ngati waulesi. Mu pulogalamu yomwe ndimalemberamo ndinapeka anthu asanu, n'kudina batani. Onse anatuluka bwinobwino, ine n'kudziombera m'manja ndekha.

Koma anthu anga opekawo aliyense anali ndi mudzi.

A Mkandawire amakhala pa doko, m'zisakasa za asodzi cha ku Benga. Atafunsidwa mudzi, anatchula wa kwawo ku mpoto. Wolembayo sanaupeze pa foni yake, ndiye anangosiya mpata. Malangizo anga atafika pa munthu wopanda mudzi, anamudumpha mwakachetechete. Kompyuta sinadandaule, sinaonetse chofiira chilichonse. Inachita zomwe ndinaituma.

Ndikanangowerenga mayina olowa ndi otuluka, ndikanaona. Ntchito ya mphindi ziwiri imeneyo!

Kodi si mmene timachitira zonse? Mafomu a kusukulu, a kuchipatala, a thandizo, timawakonza titakhala pa mpando, tikuganizira munthu wonga ife: wa mudzi wodziwika, wa foni, wodziwa tsiku lomwe anabadwa. Ndani amayesera pa munthu amene sakwana m'timabokosi tathu? Dzina likalembedwa molakwika, mwini wake amabwera kudzakalipa. Koma likasowa, pepala limaoneka laukhondo, abwana n'kukuyamikira. Ndi angati atayika chonchi m'maofesi muno, osadziwa n'komwe kuti anatayika?

Ndakonza tsopano, vuto linali mzere umodzi wokha wa malangizo aja. Patulukanso mayina ena a pa doko omwe sindinkawadziwa, ndipo mtima ukundiwawa kuwayang'ana. Madzi akatayika saoleka. Zoti madokotala adzabweranso liti, palibe akudziwa.

Nditasindikiza mndandanda watsopano, a Mkandawire ndinawauza zoona zonse. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, mwina ndikanapepukidwa. Iwo anangosisita ndodo yawo.

"Ndiye pa pepala latsopanolo ndilipo?"

"Mulipo, bambo."

"Yewo," anathokoza m'Chitumbuka. "Tandiwerengerani, dada. Ine sindingathe kuliona."