Lama Pakati pa Nkhosa

Ndinaganiza zopita ku UK mwezi womwe mwana wanga Tadala anayamba kuyenda. Ndimachita manyazi kunena, koma ndi mmene zinakhalira. Setifiketi yanga ya ku koleji inali itagona m'sutikesi zaka ziwiri, bambo ake a mwana atazimiririka ku Joni, ndiye mnzanga atandiuza za ntchito yosamalira okalamba ku Leicester sindinafunse zambiri. Mwana ndinawasiyira achemwali anga aakulu, a Esinati, ku Chilomoni. Ndinati chaka chimodzi basi. Zinakwana zitatu.

Ndinkakhala ku Evington m'kachipinda kapamwamba, m'nyumba ya anthu omwe tinkangopatsana moni pamasitepe. Kukwera basi, shifiti, kukweranso basi, kugona. Ndalama ndinkatumiza, sindinaphonyepo. Koma pa vidiyo Tadala ankandiyang'ana pang'ono n'kuthawira kuseri kwa achemwali. "Ndi manyazi chabe," iwo ankatero. Ndikadula foni ndinkangokhala pabedi jekete ili m'thupi, kudzifunsa ngati mwanayu akudziwa n'komwe kuti ndine ndani.

Tsiku lina kuntchito anatituma kuperekeza okalamba anayi kukaona famu ya alipaka, kupitirira Oadby. Ine ndinkakankha wilitcheya ya gogo wina wachizungu amene ankandiitana ndi dzina la mwana wake. Nyamazo zinabwera kumpanda, makosi ataliatali, ubweya wofewa ngati thonje, zikung'ung'udza chapansipansi, mmm, mmm. Chapatali panali ina yaikulu, ili yokha pakati pa nkhosa.

Ndinafunsa mayi wa pafamupo ngati imeneyo inali tate wa zinazi. Anaseka. Anati ayi, ameneyo ndi lama, ndiyang'ane makutu. A lama ndi aatali, opindika ngati nthochi, pomwe a alipaka ndi aafupi, osongoka. Lama ndi wamkulu, wa nkhope yaitali, kwawo amasenza katundu. Alipaka amawetedwa chifukwa cha ubweya. Kenako ananena zomwe zinandilowa mpaka m'mafupa. Alipaka sasungidwa yekha, amadwala ndi kusungulumwa. Koma lama mmodzi ukamuika pakati pa nkhosa, amazizolowera n'kumazilondera ngati ndi zake, poti alibenso wina.

Ndinayang'ana nyama ija itaima chilili, khosi m'mwamba, nkhosa zikudya osailabadira. Gogo uja anandisisita dzanja, akundiitana ndi dzina losakhala langa, ine n'kuvomera monga mwa masiku onse. Pobwerera ndinalira m'minibasi, nkhope ili kuwindo kuti anzanga asaone. Sabata yomweyo ndinapempha tchuthi. Ndinali nditatsimikiza kuti ndikukatenga mwana wanga, zivute zitani.

Ku Chilomoni ndinafika masana. Tadala anali pakhonde, atakhala pakati pa miyendo ya achemwali akumuluka tsitsi.

"Tada, dzuka upereke moni," achemwali anatero. "Ukuwadziwa awa?"

Anadzuka, anagwada bwinobwino, dzanja lina litagwira chigongono.

"Muli bwanji, amayi aang'ono?"

Achemwali anatsegula pakamwa kuti amukonze, ine ndinawagwira paphewa. Mwana sanalakwitse. Mng'ono wa amayi ako ndi amayi aang'ono, ndipo ine ndine mng'ono wa mayi amene amamusambitsa, amene amadziwa kuti akamakana tiyi m'mawa ndiye kuti malungo ayandikira.

"Iwe Chisomo, usadandaule," anandinong'oneza. "Ndimamuuza tsiku ndi tsiku kuti mayi ake ndiwe. Ndi wouma mutu ngati iwe."

Ndinaseka nawo.

Mafomu a pasipoti yake anali m'chikwama. Masabata atatu ndinkamuona akudya mbale imodzi ndi ana a achemwali, akulimbirana nawo mutu wa nsomba, akugona ataunjikana ngati tiana ta mphaka. Ndinaganiza za kachipinda kanga, za shifiti, za amene angamusunge ine ndili kuntchito. Mafomu aja sindinawatulutse. Zaka zonsezi ndinkaopa kuti mwana wanga akusowa mayi. Mayi anali naye. Wosowa munthu ndinali ine, ndipo ndinkafuna kumuzula kuti akandichotse kusungulumwa.

Tsiku lonyamuka anandiperekeza mpaka pamsewu, atagwira chala cha achemwali.

"Amayi aang'ono, mudzabweranso?"

Ndinati ndidzabwera. Anagwedeza mutu, n'kufunsa achemwali ngati angathamange kukamalizitsa masewera ndi anzake.