Nati imene inakana kumasuka

Atate, lero chakwana chaka. Ndakumbukira tsiku lija pagalaja panu ku Kanyama, ntchito itasowa, mukufuna kumasula chitsulo chopachikira injini kuti mugulitse. Nati imodzi yadzimbiri inakana. Munaithira oyilo, munaiwotcha, munaigogoda ndi hamala, ine ndikukoka paipi imene munalumikiza ku sipanala. Munaseka nkuti, "Isiye mwanangu, iyi ndi bauti wake anamanga ukwati wa kutchalitchi."

Ndiye ba Chanda, mnzanu wapantchito, akuti nati yomweyo inamasuka yokha, injini nkukugwerani. Yokha? Ine ndinaiona m'mawa mwake ili noninoni ndi oyilo watsopano. Amayi akuti nditseke pakamwa poti ba Chandawo ndiwo akutigulira unga masiku ano. Ungawo ndikudya, Atate, koma moni wawo sindiyankha.