Anandipempha Ndimasulire Mkazi Wake Sewero Lomaliza

Anzanga, lero ndalusa, ndipo dzina la munthu sindibisa.

Mathias ndinakumana naye m'baraka, kagolosale ka azakhali anga a Antonieta, kuno ku Cóbuè, tsidya lino la nyanja moyang'anana ndi Likoma. Domingu lililonse, ndiye kuti Lamulungu, ikakwana 16 ora, 4 koloko madzulo, barakayo inkadzaza chifukwa cha sewero la pa TV la Tio Fabião, mdala wometa tsitsi amene sanametepo munthu bwino chibadwire. Ine ndinayamba kulionera ndili ndi zaka khumi, nditakhala pambali pa malemu bambo anga.

Tsiku limene tinakumanalo tonse tikufa ndi phwete, mnyamata wina ali duu pa benchi.

"Kodi inu dzino likukupwetekani?" ndinamufunsa.

"Ayi achemwali, Chipwitikizi chikundithamangira. Ndakulira ku Likoma ine."

Ndinasendera pafupi n'kuyamba kumumasulira. Anthu akaseka, iye ankaseka mochedwa yekha ndikamaliza kumuuza, baraka yonse n'kusekanso iyeyo.

Basi zinayambira pomwepo...

Ankayendetsa boti la katundu, shuga ndi sopo kuchokera ku Likoma, pobwerera ufa ndi nkhuni. Loweruka amafika, domingu tili limodzi, lolemba wapita. Zaka zitatu, anzanga! Zaka zitatu ndili kukhutu kwake ngati wailesi.

"Raquel, iwe ndiwe TV yanga," amatero.

Ine kumangosungunuka. Uchitsiru!

Ndikafunsa za ukwati yankho linali limodzi.

"Amalume akudwala, akangochira abwera kwanu. Ndili serious."

Mwezi watha analengeza kuti Tio Fabião akutha. Zaka khumi ndi zinayi, basi atseka. Ndinalira ngati wamwalira m'bale. Mwina wina aseka, koma anthu a m'seweromo ndakula nawo. Bambo atamwalira, domingu loyamba limene ndinasekanso ndinaseka chifukwa cha mdala ameneyu.

Ndinamuimbira Mathias.

"Usaphonye, chonde. Ndikufuna titsanzikane naye tili limodzi."

"Ndingaphonye bwanji amor? Undisungire malo."

Tsikulo ndinaluka tsitsi, ndinavala kapulana, chitenje changa chatsopano. Azakhali anatchaja batire la sola kuyambira m'mawa, anakaniza anthu ngakhale kutchajitsa foni. Anthu anabwera mpaka ochokera kumtunda, ena anaima pa windo.

Nyimbo yoyambira ikulira, Mathias analowa.

Kumbuyo kwake kunali mayi woyembekezera, mimba yaikulu ndithu, atanyamula kachikwama ka ku sikelo.

Ndinamva pambuyo pake kuti mayiyo anachita kukakamira kukwera boti kuti adzaone chimene chimasunga mwamuna wake tsidya lino domingu lililonse. Koma panthawiyo sindinkadziwa kanthu. Ndinangoona Mathias akutuluka thukuta, akundipsinyira diso.

"Magalita, awa ndi a Raquel, asuweni anga aja ndimakuuza. A Raquel, awa ndi akunyumba."

Akunyumba!!

Asuweni!!

Magalita anandigwira dzanja ndi manja awiri, mwaulemu wake wonse, n'kukhala pa malo amene ndinasungira mwamuna wake.

Ndiye mumve chimene chinatuluka m'kamwa mwa galu ameneyu.

"Asuweni, tawamasulirani alamu anuwa, Chipwitikizi samva."

Anzanga, ndinamva kutentha kuyambira kumapazi. Pa TV Tio Fabião anali akutsekula shopu yake komaliza, akulankhula ndi lumo lake.

"Chabwino alamu, tamverani," ndinatero mokweza. "Mdalayo akuti pali mwamuna wina woyendetsa boti."

"Eee," anavomera Magalita akumwetulira.

"Akuti mwamunayo ali ndi chibwenzi ku Cóbuè, chaka chachitatu chino."

Baraka yonse inatitembenukira. Onse amamva Chipwitikizi, amadziwa kuti mdalayo akunena za lumo.

"Akuti analonjeza kuti amalume ake akachira adzafunsira. Akuti mtsikanayo sankadziwa kuti kuli mkazi. Akutinso mtsikanayo ndi amene akukumasulirani panoyu."

"Raquel, wapenga?" Mathias anandigwira mkono.

"Ndisiye! Suweni wako ndani?"

Magalita sanakuwe. Anangotembenukira mwamuna wake.

"Amalume ake ati? Amalume anu tinaika zaka zinayi zapitazo."

Anadzuka movutikira n'kutuluka. Mathias anafuna kumutsatira, koma azakhali anali atamutsekera kale pakhomo ndi chipande m'manja. Panabuka chipwirikiti, mabenchi kugwa, wina anakoka waya, TV n'kuzima.

Ine ndinathamangira Magalita. Ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, akupuma movutika. Ndinamutungira madzi. Tinakhala pamenepo awiri. Pomaliza anangoti, "Mwezi wa mawa ndichira. Ndipita kwa amayi anga."

Mmene ndimabwerera ku baraka n'kuti waya atalumikiza, mayina a osewera akukwera pa sikirini, anthu akupukuta misozi, ena akuwomba m'manja.

Sindinaone kalikonse.

M'mawa mwake meseji inalowa: "Wandichititsa manyazi pagulu. Sorry yako ndikuidikira."

Adikire mpaka boti lake liwole.

Chikundiwawa n'chakuti mwamuna ndipeza wina, koma domingu lija silibweranso. Aliyense kuno akufuna kundiuza mmene zinathera, ine ndimatseka makutu. Sindikufuna kumva za pakamwa pa munthu. Ndinkafuna ndione ndi maso anga, ndilire bwinobwino ngati anzanga onse, nditsanzike.

Atsikana anzanga, mwamuna amene mumamuona masiku awiri pa sabata, kaoneni kumene amakhala masiku asanu enawo. Kwerani boti, pitani. Ine Likoma ndimaiona ndili pakhomo pathu tsiku ndi tsiku, koma zaka zitatu zonse sindinawolokepo.