Mchere ndathira ndekha

Apongozi anga atabwera kudzakhala nafe ku Edmonton, kuno kutsidya kwa nyanja, anabwera ndi usipa, ufa ndi malamulo. Lalikulu linali la mchere. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, angadule mwamuna, n'kuyamba kutsokomola ndi kutupa miyendo. Ine ndine namwino, chotupitsa miyendo ndimachidziwa. Koma ndinati ndi mayi a amuna anga, ndiwapatse ulemu. Masiku anga akafika ndinkangoitana, "Amayi, tadzathirani mchere."

Sindinaganize kuti kuitanako kusanduka lipoti la mwezi ndi mwezi.

Nthawi imeneyo ine ndi amuna anga tinali pa IVF, ija amatenga dzira la mkazi n'kuliphatikiza ndi umuna kuchipatala, kenako n'kulibwezera m'chiberekero. Tinayamba ndi njira ya majakisoni okhwimitsa mazira ambiri nthawi imodzi. Inangotsala pang'ono kundipha. Mimba inadzaza madzi, kupuma kunali kwa befu, ndinagona pa diripi anzanga akuntchito akunditembenuza pabedi. Nditatuluka ndinalumbira kuti thupi langa silidzadutsanso pamenepo.

Adokotala anandiuza za njira ina, yodikira dzira limodzi lomwe thupi limakhwimitsa lokha mwezi uliwonse. Sanandinyengerere. Anati mwayi wake pa ulendo umodzi ndi wochepa poyerekeza ndi njira ija. Dzira limatha kutuluka asanalitenge, limathanso kutengedwa koma osakula. Ubwino wake, zodzaza madzi m'mimba zija sizichitikachitika. Ndinati ndamva, tiyeni.

Apongozi sanaimve. "Dzira limodzi? Anzanu amapirira majakisoni, inu mwasiyana nawo pati?" Ankanena akuseka, koma mawa lake foni imakhala ikulira kumudzi, abale onse akuuzidwa kuti mpongozi akuchita masewera.

Ulendo woyamba tinalawirira pa basi, kufika pa sikani younikira m'mimba, dzira linali litatuluka kale. Ulendo wotsatira analitenga, linakula, analibwezera. Ndinkayenda ngati ndasenza ndowa yodzaza. Tsiku lina masana, ndili pa shifiti, ndinaona magazi. Ndinalira m'chimbudzi cha pa wodi, ndinasukusula, n'kukamaliza kugawa mankhwala.

Madzulo ndinaphika mpunga ndi nkhuku. Apongozi anakhala pampando wa kukhitchini, maso pa dzanja langa, kudikira kuti aitanidwe kapena ayi. Mtima unandiwawa. Chisoni changa ndinali ndisanachimve bwino n'komwe, koma chinali pafupi kukwera ndege kupita kumudzi. Ndinatenga mchere n'kuthira ndekha.

Nkhope yawo inawala. Anawerengera m'mutu mwawo, anaona kuti masiku anga apitirira ndipo sindinawaitane. Anaimirira, anandilanda chipande, akuti ndikakhale pansi ndisatope, n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Anandimvetsa chisoni, sindikana. Koma sindinabweze mcherewo, suchotseka.

Amuna anga atabwera tinakhala patebulo. Atangosamba m'manja ndinayankhula.

"Amayi, mimba palibe. Ndili kumwezi kuyambira masana. Mchere ndathira ndekha, ndipo kuyambira lero ndizithira ndekha."

Apongozi anabweza dzanja pa mbale. "Mukufuna kundiphera mwana?"

"Mwana wanu sanagonepo pa diripi chifukwa cha ine. Ine ndinagonapo chifukwa cha banja lino, ndipo sindibwererako. Kaya dzira ndi limodzi, ndi langa. Likalephera ndizilira ndekha, osati khitchini izilengeza."

Amuna anga ankangoyang'ana ndiwo. Munthu wophunzira, koma anakulira m'nyumba ya lamulo limenelo, ndipo mantha a ubwana sachoka ndi digiri. Amayi awo anawauza motsitsa mawu kuti asadye, awakazingira mazira.

"Bambo," ndinatero, "mawa ndiimbira chipatala kuti tiyambirenso. Tsiku lotenga dzira mukufunika inuyo, popanda inu palibe chochitika. Ngati mukuopa ndiwo zanga, nenani lero, ndisavutike kukagona pa tebulo la adokotala."

Amuna anga anakoka mbale ya nkhuku n'kudzipakulira, msuzi wambiri. Anadya osayang'ana aliyense, amayi awo atagwira tsaya, mpaka mbale inayera.

"Muimbe m'mawa," anatero. "Akakuuzani tsiku, ndikapempha ofu kuntchito."