Chimanga cha Kuseri kwa Mgolo Woyera

A Evaristo Mbewe sanakwerepo ndege chibadwire, koma ukanawapeza ku komboni ya Natuseko akufotokoza kanyamukidwe kake, manja ali m'mwamba, ukanalumbira kuti anabadwira m'mitambo. Ntchito yawo inali yosamalira kabwalo ka ndege ka udzu kuseri kwa mgodi wa ku Kabwe: kutchetcha, kukwirira maenje ndi kupirikitsa mbuzi. Bambo awo anachoka ku Katete kudzagwira ya njanji, iwo n'kugwera ya udzu, ndipo ankainyadira ngati ubishopu.

Pabwalopo pankabwera achinyamata ophunzira kuyendetsa ndege, ndipo a Mbewe ankatola chilichonse chogwa pakamwa pa aphunzitsi awo. Ndege siinyamuka chifukwa choti mwini wake wafuna. Imayenera kuthamanga mpaka liwiro likwane, ndipo kukatentha, ikalemedwa, kapena udzu ukanyowa, imathamanga mtunda wautali isanadzuke. Pambali pa bwalo panali mgolo wopaka laimu. Ukafika pamgolopo liwiro lisanakwane, umachepetsa moto n'kuponda mabuleki, ndipo malo otsala kutsogoloko ndiwo moyo wako.

Chaka china mnyamata wina, Petson, anachedwa kuponda mabuleki, n'kukagunda chulu chimene chinali kumapeto. A Mbewe ndiwo anamusolola m'ndegemo, ndipo mwana wa eni akeyo sanayendenso ndi miyendo yake. Palibe anawaloza chala, poti chulucho chinali kunja kwa malo amene anapatsidwa. Koma chinawakhala pamtima, moti kuyambira tsikulo kuseri kwa mgolo kunkakhala see, ngati pakhomo pa tchalitchi.

Kenaka mgodi unatsekedwa. Anzawo anayamba kugulitsa mipando, ena kukatokosa miyala m'zotaya za mgodi, ndege nazo zinasiya kubwera. A Mbewe ankalawirirabe ndi chikwakwa chawo popanda wowatuma, ndipo mgolo anaudzaza miyala kuti ogula zitsulo asaunyamule. Anthu ankawaseka kuti akumetera ndevu mtembo.

Akazi awo, a Felistas, anapirira mpaka thumba la ufa linagona pansi.

"Atate ake Sandra, tizadya udzu?" anafunsa. "Malo yonse ija ili chabe, bana bagona na njala. Ndeke zanu zinayenda na mugodi."

Njala nchilombo. Mvula itagwa, awiriwo anaunda mizere kumapeto kwa bwalo n'kubzala chimanga. A Mbewe ankalima chogwetsa nkhope ngati akuba, koma nthakayo inali itapuma zaka zambiri, ndipo chimanga chinakula kuposa munthu. A Felistas anayambanso kuimba nyimbo za kwaya akamatsuka mbale. Chakudya cha banja lonse chaka chimenecho chinali m'mundamo.

Mu Febuluwale, chimanga chitangotulutsa ndevu, kandege kanatera pothawa mvula yamkuntho. Munatuluka mtsikana, dzina lake Nosiku, wophunzira amene anali pa ulendo wake woyamba wautali ali yekha. Mvula itakata, dzuwa linatuluka laukali, udzu uli chinyowere. A Mbewe anayang'ana udzuwo, n'kuyang'ana mizere ija itapingasa kumapeto. Ndege ikanalephera kudzuka, mawilo akanakodwa m'mizeremo, iyo n'kugadabuzika.

"Mayo, gonani kuno, muyende mailo kukacha, udzu ukauma," anamuchonderera.

"Musade nkhawa ba tate," anayankha Nosiku. "Nili neka, ndeke ni yopepuka, na mafuta yachepa. Napenda bwino. Nizanyamuka kutali na munda wanu."

Analankhula molimba mtima, koma a Mbewe anamuyang'anitsitsa akumanga chingwe cha nsapato. Msinkhu wake unali wa Petson.

"Nipaseni kanthawi," anatero a Mbewe.

Anthu inu, chikwakwa chimene chinazolowera udzu sichinavutike ndi chimanga. Mapesi ankagwa akulira madzi, a Mbewe osayang'ana kumbuyo, kuopa kuti mtima ungawabweze. Atatha kudula anatenga khasu n'kusalaza mizere, thukuta ndi misozi zikutsikira limodzi. Nosiku anathamangira komweko kukawaletsa, koma iwo anangomuuza kuti akalize injini. Wina anakatsina khutu a Felistas, ndipo anafika chitenje chili m'manja, n'kupeza munda wagona.

Kandege kanabangula, n'kuyamba kuthamanga, madzi akuthovoka kumawilo. A Mbewe anaima pamgolo, chipewa chili pachifuwa, akunong'ona Tikuoneni Mariya. Kasanafike n'komwe pamene anaimapo, kanatukula mphuno n'kudzuka mopepuka ngati njiwa. Podutsa pamwamba pa munda kanali kale m'mwamba kuposa mitengo. Mtsikanayo anali atapenda bwinodi, ndipo chimanga chija chikanatha kuima osakhudzidwa ngakhale ngayaye imodzi.

A Mbewe anakupiza chipewa mpaka kandegeko kanazimiririka. Chisoni chinawagwira potembenuka. A Felistas sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anali atagwada pakati pa mapesi, akusenda chinsonkho chimodzi. Njere zake zinali zoyera, zanthete, zosati n'kuotcha kapena kuphika.

"Wayenda bwino?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Wayenda bwino."

"Chabwino. Amai bake bazagona tulo lelo." Anaika chinsonkhocho m'chitenje, n'kutola china. "Manje tiyeni mukabauze mweka bana banu."