Timabokosi Timene Ndimasiya Dala

"Wolemba mafunso awa si m'bale wako. Usamukhulupirire, ngakhale aoneke waulemu." Anandichenjeza motero mayi ena a ku Nsanje amene ankandiphunzitsa kutaipa pa ofesi ina m'tauni muno, ndili mtsikana. Iwowo ndiwo anandionetsa masewera a m'nyuzipepala odzaza mawu a Chingelezi m'timabokosi, ovuta aja amene funso lake limabisa dala chimene likufuna. Chenjezolo ndinalisunga, mpaka ndinaonjezerapo ena osawakhulupirira: makondakitala, ogulitsa nyuzi, akamwini.

Loweruka lililonse ndimatsika ndekha kuchoka ku Nyambadwe kukagula nyuzipepala. Ndimaitsegula pomwepo wogulitsa akuona, chifukwa tsamba la masewerawa ena amalisolola n'kukulungira mtedza.

Lamulo langa ndi limodzi. Funso lachilungamo limakupatsa njira ziwiri: ina ikuuza tanthauzo la liwu, ina ikupatsa zilembo zake. Zikakumana ndimalemba ndi bolopeni, pensulo ayi. Koma mafunso ambiri amachokera kunja. Lina likufuna dzina la kamtsinje ka ku Mangalande, lina mawu a masewera amene kuno sitisewera. Kumeneko n'kubera. Ngakhale yankho ndikulidziwa, poti mafunso ena amabwerezabwereza, sindilemba. Timabokosi ndimatisiya tili mbee, pambali pa funsolo n'kuikapo kamtanda.

Mwana wanga wamkazi, amene amakhala ku Limbe, zimenezi sankazidziwa. Tsiku lina atabwera kudzacheza ndinamuona akutembenuza nyuzi zanga zakale, chala chili pa malo osalemba. Kenaka maso anapita pa makatani, ngati akuyeza mawindo.

"Amayi, kale munkamaliza zonse. Mutu wayamba kutopa uwu. Tiyeni mukakhale kwathu, muno tiikemo anthu a lendi."

"Kale ndinkamaliza chifukwa ndinali wofatsa. Khala pansi iwe. Sankha funso lililonse lili ndi kamtanda."

Anasankha. Ndinamuuza yankho, iye n'kufufuza pa foni, n'kupeza lomwelo. Lina, chimodzimodzi. Kenaka analoza lina, ine ndinati limenelo sindilidziwa, ndipo palibe munthu wa kuno ayenera kulidziwa. Foni inati ndi dzina la siteshoni ya sitima ku London. Anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Nanga mayankho amene mukuwadziwawo, bwanji osangolemba, amayi?"

"Ndimudzazire wobera tsamba lake kuti aoneke ngati munthu wolongosoka? Ine ayi."

Za lendi sanazitchulenso tsikulo, ndipo ndinamuperekeza pa siteji khosi lili chilili. Koma makatani aja anawayeza, ndinamuona ndi maso angawa. Abweranso ameneyo.

Ndiye inu amene mumadutsa cha kuno, muzipatuka Loweruka masana mudzandione. Mugogode, munene kuti ndinu ndani, musatope, sinditsegula msanga. Tsamba mulipeza pa tebulo. Mukadzaona timabokosi topanda kanthu koma kamtanda palibe, pamenepo mumuimbire mwana wanga uja adzanditenge. Zimenezo zisanachitike, makiyi ali ndi ine.